Sitima za Mng'ono wa a Gideoni

Ku Malomo, mukangopitirira msika pang'ono, panali shedi ya malata akale, yotseguka mbali zitatu, pansi pake utuchi wobisa mapazi. Imeneyo inali shedi ya a Gideoni Kamphinda. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu anthu ankalozerana njira ndi dzina lawo. Wopita kuchigayo ankauzidwa kuti akafika pa a Gideoni akhotere kumanzere, ndipo wokwera matola akafuna kutsika ankangomenya bodi ya galimoto n'kukuwa kuti, "Pa a Gideoni!" Eni dzinawo akamva sankadzutsa mutu pa thabwa, koma mumtima munkakoma.

Kwawo kwenikweni kunali kwa Dzoole, ku Dowa. Iwo ndiwo anali oyamba kubadwa, kenako mlongo wawo Faines, ndipo chitsirizira anali Nathaniel. Sukulu sanapite nayo patali. Ukalipentala anakauphunzira ku Mvera, kwa mmisiri wina wokalamba amene ankakuwongoletsa msomali wopindika ndi mwala, ati msomali sufa. Ku Malomo anabwera ndi ukwati, atapeza a Rakele, mayi wamfupi, woseka msanga, katswiri pa makina osokera. Nyumba zambiri za kumeneko zitseko zake zinatuluka m'manja mwa a Gideoni, ndipo chitseko chawo sichinkakakamira ngakhale mvula igwe sabata yathunthu. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Anali munthu wosamwa, wosatukwana, wosabwereka chipangizo cha mnzake. Mukanawafunsa ngati ali ndi nsanje akanadabwa kuti nsanje ya chiyani, poti pa ntchito ya matabwa panalibe wowaposa kuchokera pa Malomo mpaka ku boma.

Nathaniel ndiye anali wa sukulu pabanjapo, komanso wa pakamwa pakuthwa. M'chaka cha 1973 ankagwira ukalaliki pa malo ena ogulira mbewu. Tsiku lina munthu wina anadandaula kuti amuuza agulire khadi la chipani mwana amene adakali m'mimba mwa amake. Nathaniel anafunsa kuti, "Nanga akabadwa mapasa, winayo amangidwa?" Anthu anaseka, koma si onse amene anaseka ndi mtima umodzi. Patangopita masiku awiri, wina anamunong'oneza kuti dzina lake lafika kumene silinayenera kufika. Anachoka ndi malaya okhawo amene anavala.

Nthabwalayo inawawira otsala. A Gideoni anaitanidwa katatu kukafunsidwa kumene kuli mng'ono wawo, n'kukhazikidwa pa simenti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kwa miyezi ingapo anthu ankadutsa pa shedi akuyang'ana kumbali. Amayi awo atadwala, ndi iwo amene anakawatenga kwa Dzoole pa ngolo, ndi iwo amene ankapalasa njinga kukafuna mankhwala, a Rakele n'kumawasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Koma pomwalira, dzina limene linali pakamwa pa amayiwo linali la Nathaniel. Bokosi a Gideoni analikhoma okha, la mlombwa, ndipo za dzinalo sanauze munthu.

Zinthu zitasintha m'dziko, wailesi italengeza kuti onse amene anathawa abwerere kwawo, Nathaniel anatulukira. Munali mu Ogasiti, 1994, mphepo ya fumbi ili pakati. M'minibasi munatsika munthu woonda, wa imvi m'mbali mwa makutu, chikwama chimodzi paphewa. Zaka makumi awiri ndi chimodzi anali ku Dar es Salaam, akugwira ntchito padoko. Mkazi analibe, mwana analibe. A Gideoni analira pomukumbatira, misozi yeniyeni, ndipo poti kwa Faines nyumba inali yodzaza ndi ana ndi adzukulu, anamupatsa kachipinda ka kuseri kwa shedi.

"Ukhale pano, mphwanga. Ukapuma ndikuphunzitsa kugwira puleni yopalira matabwa."

Koma Nathaniel analibe nayo ntchito puleni. Kumunda ankathandiza, matabwa ankagwirizira, koma akapeza mpata ankayendayenda m'shedimo akutola tizidutswa tamatabwa totsala.

"Achimwene, itu mukutaya?"

"Tenga. Ukolezera moto?"

"Ayi, ndimangira sitima."

A Gideoni anaseka mpaka anatula sowo. Anaganiza kuti kunja kwamusokoneza mutu mng'ono wawo, ndipo anamumvera chisoni. Masiku amenewo chisoni chinkawakhala bwino.

M'chikwama chija munatuluka kansalu kokulungamo timipeni, rula yachitsulo, ndi mapepala opindapinda, othothoka m'mphepete, pamene panajambulidwa sitima zapamadzi chammbali ndi chapamwamba, ndi manambala ang'onoang'ono ponseponse. Inchi imodzi pa kasitima kake inkaimira mafiti asanu ndi atatu a sitima yeniyeni, ndipo pamenepo Nathaniel sankanyengerera. Kachitseko kakatalika ndi m'lifupi mwa chikhadabo, ankakataya n'kuyambanso. Ankayamba ndi msana, n'kuimika nthiti, kenako n'kumata timatabwa topyapyala ngati tsamba la fodya, atativiika kaye m'madzi otentha kuti tipindike. Mawindo ozungulira ankawapanga ndi timphete tolowetsamo zingwe za nsapato. Makwerero anali a mitengo ya machesi, zingwe zinali za ulusi wopaka phula, ndipo nangula anamuumba ndi mtovu wa mu batire yakufa ya galimoto. Sitima yoyamba inamutengera miyezi itatu. Inali yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, yakuda pamwamba, yofiira kunsi, chumuni chake chachikasu.

Tsiku limene inatha, Nathaniel atapita kukasamba, a Gideoni anainyamula. Anaitembenuza uku ndi uku kufuna polakwika. Anayendetsa chala m'mbali mwake kuti amve pokumana matabwa, koma chala chinangotsetsereka ngati pa dzira. Anatseka diso limodzi n'kuiyang'ana chakutsogolo, monga ankachitira ndi felemu ya chitseko, ndipo mbali ziwirizo zinali zofanana ndendende. Diso la mmisiri silinama. Anaibwezera pamalo pake mosamala, n'kuima pomwepo kanthawi, m'chifuwa muli kanthu kena kamene sanakamvepo chibadwire.

Oyamba kuiona anali ana a sukulu, amene anaunjikana pa shedi mpaka kutseka kuwala. Kenako mphunzitsi wawo, mayi Eveline, anabwera ndi kalasi yonse pa mzere, nawauza kuti akhale pansi pa utuchi amve za nyanja yamchere. Nathaniel pakamwa paja panali pasanabunthe. Ankafotokoza za makina onyamula galimoto yathunthu m'mwamba ngati mphamba wanyamula mwanapiye, za amalinyero olankhula zilankhulo zosamveka, za huta ya sitima imene imagwedeza m'mimba. Alimi obwera kumsika ankaimika njinga zawo, amayi n'kutula madengu. A Gideoni ankapala thabwa mwamphamvu kuti puleni imveke, koma palibe ankacheuka.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wachilendo, mwana kumbuyo.

"Odi kuno! Kodi kuno ndi kwa a sitima aja?"

"Kuno ndi kwa a Kamphinda," anayankha a Gideoni.

"Pepani bambo, ndiye kuti ndasokera." Ndipo mayiyo anabwerera.

Chimene chinawabaya kwambiri chinachitika chaka chatsopano chitangoyamba. Galimoto ya matola inaima pamsewu, ndipo kondakitala, munthu amene anakulira pa Malomo pomwepo, amene bedi la makolo ake analikhoma ndi a Gideoni, anakuwa kuti, "Otsika pa Sitima!" Pasanathe mwezi aliyense ankatero. Dzina limene analimanga ndi zitseko kwa zaka makumi atatu linafufutidwa ndi chidole cha miyezi itatu.

Kunyumba nakonso kunalibe kothawira. Sitima yachiwiri inali ngalawa ya matanga, ndipo matangawo ankasoka ndi a Rakele. Masana ankakhala pakhonde ndi mlamu wawo, wina akudula nsalu ya thumba la ufa, wina akuyeza ndi rula, kuseka kuli tiyetiye. A Rakele anaphunzira timawu ta Chiswahili n'kumatiponya ngakhale poitana nkhuku. Panalibe choipa chilichonse, chinali chilamu chabe, ndipo a Gideoni ankadziwa zimenezo. Koma sankakumbukira tsiku limene akazi awo anasekapo chotero ndi nkhani yawo.

"Amake Thoko, batani la jekete langa la kumpingo linathothoka milungu itatu yapitayo."

"Ii, bambo a Thoko, mwayamba liti kuwerengera batani milungu? Bweretsani, ndingomaliza kaye kathanga aka."

Pamenepo a Gideoni anatsimikiza mumtima kuti nawonso amanga yawo. Kodi sitima n'chiyani, si matabwa? Fodya atapita ku okushoni, chigafa chili chopanda kanthu, ankazemba masana ndi zipangizo zawo, ati akukakonza mitengo ya m'chigafamo. Anasankha mbawa yabwino. Kufunsa mng'ono wawo sakanatha, ndipo mapepala aja sankadziwa kuwawerenga, choncho anangodalira maso. Koma manja amene azolowera sikweya kwa zaka zonsezo amakana kukhota. Paliponse pamene ankafuna kuti papindike pankatuluka ngodya. Patatha milungu iwiri chinthucho chinatha: cholimba, chosalala, chosadontha, chosongoka pang'ono kutsogolo, pakati pali kamtengo koimirira. Anachibisa pansi pa nkhokwe kuti mawa lake achipake vanishi, ndipo pokagona ankadziuza kuti si choipa kwenikweni.

M'mawa anapeza nkhuku zitazungulira sitima yawo pabwalo, zikujompha madeya.

"Mwachita bwino, bambo a Thoko," anatero a Rakele akupukuta manja m'chitenje. "Chaka chathunthu ndakhala ndikukupemphani chodyera nkhuku. Koma kamtengo kapakati kaja ndazula, kamatchinga."

A Gideoni anayang'ana akazi awo kuti aone ngati akuwanyoza. Nkhope yawo inali yoyamikira ndi mtima wonse. Akanawanyoza bwenzi zili bwinoko. A Gideoni anapita ku shedi tiyi osamwa.

Zaka zimenezo maliro anachuluka. Achinyamata ankabwera kuchokera m'tauni ataonda, n'kudzagona kwa amayi awo, ndipo a Gideoni ankakhoma mabokosi ambiri kuposa zitseko. Tsiku lina, atapereka bokosi m'mudzi wina kutsidya kwa dambo, anakhala ndi azibambo pansi pa mtengo wa mango kudikira adzukulu kuti amalize kukumba. Nkhani inali ya imfa zomwezi, kuti kodi kwagwanji. Kenako a Alexio Chidzanja, a golosale, pofuna kupeputsa nkhani anati:

"Koma a Kamphinda, mng'ono wanu uja ndi mmisiri. Inu mumakhoma, koma uja amalenga."

Mawuwo anagwera pachilonda. A Gideoni anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi.

"Mmisiri inde," anatero motsitsa mawu. "Kungoti ine ndimadabwa. Kumapiri kuno, madzi ake ali kuti? Ena timamva kuti amayenda pa lichero. Za kunjazi ife sitizidziwa."

Anamalizira ndi kaphwete, kuti zimveke ngati nthabwala. Palibe anaseka. Bambo wina anayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana kusiwa kumene amayi ankalira. A Gideoni anamva kuti chatuluka sichibwerera, koma m'malo mokonza mawu awo anangoti, "Kaya," n'kupitiriza kulemba pansi.

Mawu oterewa safuna njinga. Sabata isanathe, kumjigo kunamveka kuti sitima za pa shedi zimauluka. Sabata yachiwiri panapezeka munthu amene anaona nyali zikuyenda pamwamba pa mabulugama. Wina anati anamva huta kumanda. Makolo analetsa ana kudutsa pa shedi, ndipo mayi Eveline, amene sankakhulupirira zimenezo, anauzidwa ndi makolowo kuti akawatengeranso ana kumeneko aona. Pa shedi panati zii. Nathaniel ankakhala yekha pa kabenchi kake akumanga timfundo ta ulusi.

Kunena zoona, masiku oyambawo a Gideoni anamva kukoma. Puleni yawo inayambanso kumveka. Ankadziuza kuti iwo sananene kuti munthu ndi mfiti, anangofunsa za madzi. Ankamupatsanso Nathaniel tizidutswa tabwino kuposa kale, n'kumamulankhula mofatsa.

Koma choipa chitsata mwini. Kunachitika maliro awiri pafupi, ndipo mabokosi onse awiri anakagulidwa ku boma, n'kudutsa pa ngolo pamaso pawo. Mphunzitsi wina amene anaitanitsa tebulo anatumiza uthenga kuti wasintha maganizo. Kenako m'mawa wina a Rakele anabwera kuchokera kumjigo ndowa ili yopanda madzi.

"Mwamva zimene akunena? Akuti alamu amanyamula anthu pa sitima, inu mumadikira ndi mabokosi. Akuti ndi bizinesi ya pachibale. Ine ndikafika pamjigo amayi onse akuchotsa ndowa zawo. Akuti ndine wosoka matanga."

Nathaniel, amene anamva zonse ali pakhomo pa kachipinda kake, anaseka kuseka kopanda mano.

"Ndinathawa pakamwa panga," anatero, "ndabwera kudzapeza pakamwa pa anzanga. Koma amene anayambitsa nkhaniyi ali ndi luso, achimwene. Ine sindikanaiganiza."

"Anthu ndi oipa, mphwanga," anayankha a Gideoni, maso ali pa utuchi.

Poti nkhaniyo inakhudza mkulu wa mpingo, abusa anaitanitsa bwalo la akulu Loweruka m'mawa. Anakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, pa mabenchi amene a Gideoni anakhoma okha. Nathaniel anabwera atanyamula sitima yake yoyamba, yakuda ija. Atapatsidwa mpata wolankhula sananene zambiri. Anaiika pa tebulo, natulutsa kampeni, nakalowetsa pansi pa denga la sitimayo n'kukanula. Guluu analira, timakwerero tinathyoka, ntchito ya miyezi itatu inatseguka ngati dzungu.

"Onani, akuluakulu. Ngati muli mankhwala, atulutseni."

Akulu a mpingo anasuzumira mmodzimmodzi. Munali nthiti zamatabwa, madontho a guluu wouma, ndi mphemvu imodzi yakufa. Mkulu wina ananunkhiza. Wina anagwira mphemvuyo ndi mwendo n'kuionetsa kwa anzake, ndipo ena analephera kudzigwira, anaseka. Koma abusa sanaseke. Anali munthu wachinyamata, wochokera kutali, wosaopa nkhope za anthu.

"Nkhaniyi ili ndi mwini wake," anatero. "Tiyeni tiilondole."

Anailondoladi ngati mapazi a ng'ombe yobedwa. Uyu anamva kwa akazi ake, akazi akewo anamva kuchigayo, wa kuchigayo anamva kwa mlamu wake, mpaka mapaziwo anakafika pa golosale. Anatuma munthu kukaitana a Alexio.

"Ine ndinamva pamaliro, abusa."

"Kwa yani?"

A Alexio anayang'ana m'chipewa chawo ngati yankho lili m'menemo. A Gideoni anadziwa kuti a Alexio akangodzutsa mutu, maso awo agwera pa iwo. Anaona kuti bola kuimirira okha kusiyana ndi kudzutsidwa.

"Ndine, abusa. Koma ndinkangocheza."

"Pamaliro, a Kamphinda?"

A Gideoni anayang'ana kwa mng'ono wawo, akuyembekeza ukali, mwina chipongwe, chilichonse choti naye achimwe pang'ono. Nathaniel sanawayang'ane. Ankatola timitengo ta machesi pa tebulo n'kumatiika m'thumba la malaya, kamodzikamodzi. Bwalo linagamula kuti a Gideoni apume pa ukulu wa mpingo kwa chaka, ndipo kuti Lamulungu abusa adzalankhule pagulu kuti nkhani ya sitima inali bodza.

Kunyumba a Rakele anadikira mpaka amuna awo atakhala pansi.

"Anakulakwirani chiyani mwana wa amayi anu?"

Ndipo a Gideoni, munthu wosakweza mawu, anaphulika.

"Iye anaseka, wokhala pa simenti ndinali ine! Iye anathawa, woika amayi m'manda ndinali ine! Zaka makumi atatu ndikukhoma zitseko pa Malomo pano, ndani anabweretsapo ana a sukulu kuti adzaone chitseko? Wabwera ndi zidole, anthu onse pakamwa yasa, ndi inu nomwe!"

A Rakele anawadikira kuti amalize.

"Chitseko amachiyang'ana ndani, bambo a Thoko? Anthu amangotsegula n'kulowa. Ndiye ubwino wake umenewo. Koma inu mwatiyesetsa afiti tonse atatu chifukwa chofuna kuomberedwa m'manja."

Lolemba m'mawa Nathaniel anamanga chikwama chake. Sanakalipe, sanatsazike mwamwano. Anangoti, "Achimwene, ndiyambe ndakhalako kwa alongo kwa Dzoole, pafupi ndi manda a amayi." Ngalawa ya matanga anaisiyira a Rakele, zina zonse anaziika m'katoni. A Gideoni anamunyamulira katoniyo mpaka pamsewu, ndipo anaima limodzi kufikira galimoto itabwera.

Anthu anabwerera pang'onopang'ono, poti chitseko chabwino chimafunika ngakhale mwini wake atachita manyazi. Koma kutchalitchi a Gideoni ankakhala kumbuyo, ndipo kwa Dzoole sanapondeko pafupifupi chaka chathunthu. Faines akatumiza uthenga ankangoti onse ali bwino. Ulendo wina anawonjeza kuti Nathaniel akuvutika ndi mitengo, akusema ya mango, ndipo ikauma ikung'ambika. A Rakele atamva anadzuka. Analowa m'shedi, nadzaza thumba ndi tizidutswa ta mbawa ndi mlombwa, nalimangirira pa kaliyala ya njinga.

"Mukapereke."

"Tingotumiza pa matola."

"Mukapereke nokha."

Ananyamuka m'mawa, chimanga chili chokololakolola, nakwera zitunda zonse zija akukankha njinga. Anafika dzuwa litapendeka. Atalonjerana ndi Faines, anapeza Nathaniel kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo, msana wa sitima yatsopano uli pamiyendo. Anali atanenepako. A Gideoni anatula thumba.

"Mbawa iyi ndi youma bwino. Siing'ambika."

"Zikomo, achimwene." Nathaniel anatulutsa kachidutswa, nakagogoda ndi chikhadabo, nakanunkhiza. "Fungo la pa shedi."

Anakhala pansi. Mawu amene a Gideoni anawakonza njira yonse anakana kutuluka. Anafunsa za mvula, za fodya, za denga la Faines. Nathaniel ankayankha uku akupala nthiti ya sitima. Potsiriza, pofuna kungotseka chete, a Gideoni anafunsa chinthu chimene sanafunsepo m'chaka chonse chimene anakhala limodzi.

"Kodi sitima ikamayenda pakati pa nyanja, mtunda osaoneka, munthu amamva bwanji?"

Nathaniel anaimitsa kampeni.

"Sindidziwa, achimwene."

"Sudziwa bwanji?"

"Sindinayendepo. Ndinalibe mapepala, ndikanapita kuti? Poyamba ndinkawerenga matumba otsitsidwa, kenako ndinkapala dzimbiri. Ndakwera sitima zambiri, koma zitaima. Ikangoliza huta ife tinkatsika, n'kumaiyang'ana ikupita." Anaseka pang'ono. "Mapepala aja ndinachita kupempha kwa kalaliki wina, anali oti akatayidwe. Lamulungu kumeneko linkatalika. Munthu wa kwathu ukamumva akulankhula Chichewa unkamuthawa, poti sudziwa amene wamutuma. Ndiye ndinkadzitsekera m'chipinda n'kumamata timatabwa. Inu munali ndi anthu oti muziwakhomera zitseko."

A Gideoni anadziwa kuti pamenepa mpoyenera kumva chisoni, ndipo chisonicho anachimvadi. Koma pansi pake panali china, chofunda: kani sanayendepo! Munthu amene Malomo yense ankamumvetsera pakamwa yasa, nyanja ankaionera pamtunda ngati wina aliyense. Anachita manyazi ndi chimwemwe chimenecho, koma sichinachoke. Anaweramitsa mutu kuti nkhope isawaulule.

"Za pamaliro zija, mphwanga..."

"Ndinadziwa tsiku lomwe alamu anabwera ndi ndowa yopanda madzi. Munati anthu ndi oipa, koma simunafunse kuti ndani. Mkulu wanga amene ndimamudziwa akanagwira hamala." Nathaniel anawapatsa msana wa sitima uja. "Tagwirani apa, ndimange. Musafinye."

Anagwira. Anagona komweko, ndipo m'mawa anapita limodzi kukalambula pa manda a amayi awo.

Pobwerera zitunda zinapepuka. A Gideoni anapalasa njinga akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, nkhani ili m'kamwa ngati shuga. Atafika, asanamasule n'komwe chingwe cha pa kaliyala, anaitana akazi awo.

"Amake Thoko, mukudziwa kuti munthu uja sanayendepo pa sitima? Zaka zonse zija, ngakhale kamodzi!"

"Ee, ndikudziwa," anatero a Rakele osasiya kupeta mtedza. "Anandiuza sabata yomwe anafika."

A Gideoni anaima chilili, chingwe chili m'manja.

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

"Munamufunsa?"

Tsiku limenelo chakudya sichinawakomere. Chaka chitatha anabwezeredwa pa ukulu wa mpingo, ndipo anautumikira mpaka maso atayamba kuchita khungu. Mwezi uliwonse ankatumiza thumba la tizidutswa kwa Dzoole, atasankha okha, ndipo nthawi zina ankadula dala thabwa labwinobwino kuti thumbalo lidzaze. Koma palibe anawamvapo akunena kuti sitima za mng'ono wawo n'zokongola. Faines atatumiza uthenga kuti aphunzitsi a kumeneko apempha imodzi kuti aiike mu ofesi ya sukulu, a Gideoni anafunsa kuti shelefu yake akhoma ndani. Atamva kuti akhoma kalipentala wina wa ku Mponela, anati imeneyo ipendekeka, nayamba kufunafuna tepi yawo yoyezera.